N'chifukwa chiyani wina amathamangira katemera pamene wina akuzengereza mliri uli mkati?

Katemera wa Covid-19 atangoyamba kuperekedwa kumayambiriro kwa 2021, panali maganizo ofala akuti vuto lalikulu lidzakhala m'mayiko osauka. Ankati kumeneko anthu ambiri sanapite patali ndi sukulu, sachedwa kutengeka ndi mphekesera, ndiye akadzangoona singano adzaliyatsa liwiro. Mu July chaka chomwecho magazini ya sayansi ya Nature Medicine inatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anafunsa anthu oposa 44,000 m'mayiko 12. Khumi mwa mayikowo anali osauka kapena opeza pang'ono, monga Burkina Faso, Mozambique, Uganda, Nepal, Pakistan ndi Colombia. Awiri otsalawo anali America ndi Russia. M'mayiko khumi aja, pafupifupi anthu 80 mwa 100 alionse anati katemera akabwera adzabayitsa. Ku America anali 65, ku Russia 30 okha.

Komabe chaka chimenecho chinatha anthu a m'mayiko osaukitsitsa amene anali atabayitsa ngakhale kamodzi asanakwane 10 mwa 100 alionse, pamene m'mayiko olemera anthu ambiri anali atabayitsa kawiri, ena akulandira wachitatu. Amene ankamufuna kwambiri katemerayu ndi amene anatsalira.

Ndayambira pamenepa chifukwa nkhani imeneyi timakonda kuipeputsa. Tikaona munthu wamkulu sanabayitse, timafulumira kumutcha wokana, mbuli, kapena wozunguzidwa mutu ndi za pa intaneti. Mmene ine ndikuonera, mtima wofuna katemera munthu sabadwa nawo. Umakwera, umatsika, ndipo umadalira kwambiri zinthu ziwiri zimene munthuyo sanazipange yekha: mbiri ya amene akumuuza kuti akabayitse, ndi zimene ayenera kutaya kuti akafike pamene pali singanoyo.

Okaniratu ndi ochepa

Mu 2014 gulu la akatswiri olangiza bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza kuti munthu wokayikira katemera ndi amene akuchedwa kapena kukana kulandira pamene katemerayo alipo. Munthu amene katemera sanamufikire sali m'gulu limeneli, ngakhale m'mabuku a boma onsewa amalembedwa chimodzimodzi kuti sanabayitse. Akatswiriwo anatchula mizu itatu ya kukayikaku: kusakhulupirira katemerayo kapena amene akumupereka, mphwayi zobwera chifukwa chosaona kuopsa kwa matendawo, ndi kuvuta kwa njira yokamupezera. Mu 2018 ofufuza a ku Germany motsogozedwa ndi Cornelia Betsch anawonjezerapo ziwiri: chizolowezi chofufuza ndi kuwerengera phindu ndi chiopsezo munthu asanachite kanthu, ndi mtima woganizira anthu ena. Mu January 2019, Covid-19 asanamveke n'komwe, WHO inali itaika kale kukayikira katemera pamndandanda wa zinthu 10 zoopseza umoyo wa anthu padziko lonse.

Pakati pa munthu amene amalawirira kukaima pamzere tsiku loyamba ndi amene walumbira kuti sadzabayitsa mpaka imfa, pali khamu lalikulu. Mawu awo ndi odziwika. "Tiyambe taona kaye anzathu." "Ndili ndi shuga, ndikufuna ndifunse kaye adokotala." "Ndipita sabata yamawa." Anthu amenewa ndi amene amachititsa kuti ntchito ya katemera iyende kapena igwe, ndipo ambiri mwa iwo ndi makolo omwewo amene amanyamula ana awo kukalandira katemera wa chikuku ndi poliyo popanda kufunsa funso lililonse. Palibe chodabwitsa apa. Katemera wa ana ndi wakalekale, ali ndi masiku ake olembedwa pakhadi, ndipo aliyense akudziwa ana ambirimbiri amene analandira n'kukula bwinobwino. Munthu wamkulu alibe khadi lotero. Ambiri, makamaka abambo, anabayidwa katemera komaliza ali ana. Ndiye mwadzidzidzi akuuzidwa kuti atambasule mkono alandire mankhwala amene chaka chatha kunalibe, iye asakumva kupweteka paliponse, uthenga wa akuluakulu ukusintha mwezi ndi mwezi.

Mantha awiri pasikelo

Munthu aliyense pa nthawi ya mliri amakhala ndi mantha awiri, oopa matenda ndi oopa katemera, ndipo amatsatira amene alemera. Covid-19 sankapha mofanana: chiopsezo chinkakwera kwambiri ndi msinkhu, komanso kwa odwala shuga, mtima, impso ndi onenepa kwambiri. N'chifukwa chake m'mayiko ambiri olemera okalamba ndi amene anabayitsa mwaunyinji, achinyamata n'kumatsalira. Mnyamata wa zaka 25 amene anaona anzake atadwala masiku atatu n'kudzuka sankanama ponena kuti iye sali pachiopsezo chachikulu. Chimene sankachiwerengera ndi agogo amene amakhala nawo nyumba imodzi. Mantha oopa matendawa amayendanso ndi nyengo. Zipatala zikadzaza, maliro akachuluka, mizere ya katemera imatalika. Mliri ukazizira pang'ono mizere imatha, pamene nthawi yabwino yobayitsa ndi yomweyo, chifukwa thupi limafunika milungu ingapo kuti likonze chitetezo.

Mantha oopa katemera ali ndi mphamvu ina imene mantha oopa matenda alibe. Matenda amabwera okha, munthu sadziimba nawo mlandu. Katemera amachita kukamutenga ndi miyendo yake. Chinachake chikalakwika, ngakhale mwa apo ndi apo, mtima umamuuza kuti wadziputira yekha. Akatswiri a maganizo a anthu anaona kalekale kuti ambiri timalola kukumana ndi ngozi yaikulu titakhala pansi kusiyana n'kukumana ndi ngozi yaing'ono titachitapo kanthu.

Funso limene linamveka paliponse linali lakuti: katemera amatenga zaka zambiri, uyu wapezeka bwanji m'miyezi yochepa? Linali funso labwino, ndipo yankho lake linalipo, kungoti silinafotokozedwe mokwanira. Asayansi a ku China anafalitsa mmene kachilomboka kanapangidwira mu January 2020, ndipo pa 8 December chaka chomwecho Margaret Keenan, mayi wa zaka 90 wa ku Coventry ku England, analandira katemera wa Pfizer ndi BioNTech. Koma ntchito sinayambe mu January. Akatswiri anali ataphunzira kale tizilombo ta mtundu womwewu kuchokera ku mliri wa SARS wa 2002 ndi 2003 komanso MERS wa 2012. Njira ya mRNA imene Pfizer ndi Moderna anagwiritsa ntchito, yopatsa thupi malangizo opangira kachidutswa ka kachilomboka kuti liphunzire kudziteteza, inali ikufufuzidwa kwa zaka zambiri. Katalin Karikó ndi Drew Weissman anatulutsa zotsatira zofunika kwambiri mu 2005, zimene anadzalandira nazo mphoto ya Nobel mu 2023. Ndalama zimene nthawi zonse zimachedwetsa ntchito yotere zinakhuthulidwa nthawi imodzi, mafakitale anayamba kupanga zotsatira zisanatuluke, ndipo popeza matenda anali ponseponse sizinatenge nthawi kuona kusiyana pakati pa obayidwa ndi osabayidwa. Oyesedwawo sanali ochepa: oposa 43,000 kwa Pfizer, oposa 30,000 kwa Moderna. Munthu akafunsa funso limeneli n'kungoyankhidwa kuti "khulupirirani sayansi", amabwerera kunyumba ndi funso lake, n'kukalifunsa kwa wina amene ali ndi nthawi yomuyankha, ngakhale yankholo likhale labodza.

Pali chinthu china chovuta kuchimvetsa mtima uli m'malere. Mukabaya anthu mamiliyoni ambiri m'milungu yochepa, ena mwa iwo adwala mtima, ena achita sitiroko, amayi ena apita padera, ena amwalira sabata yomweyo, chifukwa zimenezi zimachitika tsiku lililonse ngakhale popanda katemera. Kwa banja limene bambo wamwalira patangopita masiku anayi atabayitsa, palibe chiwerengero chimene chingawatsimikizire kuti zinangokumana. Ntchito ya ofufuza ndi kuona ngati vutolo likuchitika kwambiri mwa obayidwa kuposa mmene limachitikira nthawi zonse, ndipo ntchito imeneyo imatenga milungu pamene nkhani ya maliro imafika pafoni tsiku lomwelo. Nawo mantha pawokha amadwalitsa. Ofufuza ataphatikiza zotsatira za mayeso 12 a katemera wa Covid-19 mu 2022, anapeza kuti mwa anthu amene anabayidwa jakisoni wopanda mankhwala alionse, pafupifupi 35 mwa 100 anadandaula mutu, kutopa ndi zina zotero atabayidwa koyamba.

Koma tisanamizane, zovuta zenizeni zinalipo. Mu March 2021 mayiko angapo a ku Ulaya anaimitsa kaye katemera wa AstraZeneca atamva za anthu amene magazi awo anaundana mwachilendo, ndipo mu April bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti vuto losowa kwambirili likhoza kukhala lochokera ku katemerayo. Britain inayamba kupereka mtundu wina kwa anthu osakwana zaka 30, kenako osakwana 40. America inaimitsa wa Johnson & Johnson kwa masiku 10 mu April momwemo pa chifukwa chofanana. Pambuyo pake zinadziwikanso kuti akatemera a mRNA nthawi zina amatupitsa minofu ya mtima, makamaka mwa anyamata atabayitsa kachiwiri, ngakhale ambiri ankachira msanga. Ena amati kulengeza zimenezi kunaopseza anthu pachabe. Ine sindikugwirizana nazo. N'zoona kuti kunabweza anthu ena m'mbuyo, koma kubisa kukanawononga zambiri, chifukwa zoterezi sizibisika mpaka kalekale. America inaphunzira zimenezi mu 1976. Msilikali mmodzi atamwalira ndi chimfine cha nkhumba ku Fort Dix, boma la Gerald Ford linabaya anthu oposa 40 miliyoni poopa mliri umene sunabwere. Kenako panapezeka kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 100,000 obayidwa ankadwala matenda ofooketsa ziwalo a Guillain-Barré, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa mu December. Anthu anakumbukira kuti anawathamangitsa ndi mantha, ndipo chikumbumtima chimenecho chinakhalitsa.

Nkhani ya amayi ndi yofunika kuimapo pang'ono. Pa mayeso oyambirira amayi oyembekezera sanaloledwe kutenga nawo mbali, ndipo za msambo sizinafunsidwe mwadongosolo. Ndiye taganizirani mayi wa zaka 30 amene wabayitsa, mwezi umenewo msambo wake wachedwa masiku awiri. Wapita kukafunsa, wauzidwa kuti ndi maganizo chabe. Madzulo ake watsegula foni, wapeza amayi ena mazanamazana akunena zomwezo, ndipo pansi pake wina walemba kuti katemerayu anapangidwa kuti atseke mimba za akazi. Akhulupirira ndani, amene wamutsutsa pa chinthu chimene wachiona m'thupi mwake, kapena amene wamuvomereza? Mu January 2022 kafukufuku wa amayi pafupifupi 4,000 ku America anatsimikiza kuti msambo umasinthadi, koma pang'ono, osakwana tsiku limodzi tikatengera onse pamodzi, ndipo umabwerera mwakale. Kafukufuku wina sanapeze kuti katemerayu amalepheretsa kubereka, pamene Covid-19 mwiniwake anali woopsa kwa amayi oyembekezera. Yankho linali lolimbikitsa mtima, koma linafika patatha chaka, bodza litakhazikika kale pamalo pake.

Ndipo pali amene amangoopa singano basi. Munthu wamkulu sanena zimenezi pagulu, amapeza chifukwa china chomveka bwino. Ofufuza a ku Oxford anawerengera mu 2021 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kukayikira katemera ku Britain linkachokera ku mantha amenewa.

Amene akundiuzayu ndi ndani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Palibe munthu wamba amene angatenge kabotolo ka katemera n'kuyeza yekha zimene zili mkatimo. Ngakhale dokotala sangathe. Tonse timadalira mawu a wina: kampani yopanga, bungwe lovomereza mankhwala, unduna wa zaumoyo, namwino amene wagwira singano. Choncho munthu akamafunsa ngati katemera ndi wabwino, pansi pamtima akufunsa ngati anthu amenewa anayamba amufunirapo zabwino. Ndipo m'madera ambiri yankho la funso limeneli linalembedwa kale ndi zimene zinachitikadi.

Kuyambira 1932 mpaka 1972, nthambi ya zaumoyo ya boma la America inkatsatira amuna akuda pafupifupi 400 odwala chindoko ku Tuskegee m'chigawo cha Alabama, osawauza matenda awo enieni, osawapatsa mankhwala ngakhale penisilini atapezeka, pofuna kungoona mmene matendawo amawonongera thupi. Boma linapepesa mu 1997. Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, kampani ya Pfizer inayesa mankhwala otchedwa Trovan pa nthawi ya mliri wa matenda oumitsa khosi mu 1996, pa kafukufuku wa ana pafupifupi 200. Ana 11 anamwalira. Mabanja anati sanauzidwe kuti ndi zoyeserera, kampaniyo inakana kuti sinalakwe, ndipo nkhaniyo inatha ndi kugwirizana kunja kwa khoti mu 2009. Mu 2003 atsogoleri a m'dera lomwelo ataletsa katemera wa poliyo ponena kuti muli mankhwala oletsa kubereka, anthu anali ndi pokumbukira. Zimene ankanenazo zinali zabodza, poliyo anafalikira m'mayiko pafupifupi 20 amene anali atamugonjetsa kale, ndipo ana analumala. Kano inavomera kuyambiranso mu July 2004, katemera atagulidwa ku Indonesia, dziko la Asilamu ambiri. Taonani chimene chinamasula mfundoyo: mankhwala anali amtundu womwewo, chinasintha ndi dzanja limene linawabweretsa.

Ku Pakistan mu 2011 bungwe la akazitape la America la CIA linakonza ntchito yabodza ya katemera wa matenda a chiwindi ku Abbottabad pofunafuna Osama bin Laden. Zitaululika, opereka katemera wa poliyo, ambiri a iwo amayi, anayamba kuphedwa ali pantchito. Kum'mawa kwa Congo, pa mliri wa Ebola wa 2018, ofufuza anafunsa anthu a ku Beni ndi Butembo, ndipo mmodzi mwa anayi alionse anati Ebola kulibe. Amene sankakhulupirira akuluakulu a boma ndi amenenso sankafuna katemera. Anthu amenewa anali atakhala zaka zambiri akuphedwa ndi zigawenga popanda wowateteza, ndiye mwadzidzidzi magalimoto oyera anadzaza m'misewu chifukwa cha matenda amodzi okha. Mu December chaka chomwecho madera awo anachotsedwa pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko, chifukwa chake n'kunenedwa kuti ndi Ebola. Ndani sakanakayika?

Sikuti aliyense wozengereza amadziwa mbiri zimenezi. Ambiri ali ndi mbiri yawoyawo yaing'ono: tsiku limene anakalipiridwa kuchipatala, m'bale amene anamwalira akudikira pabenchi, mankhwala amene nthawi zonse amauzidwa kuti atha. Munthu wotereyu akaona boma lomwelo likumulondola ndi katemera waulere, amadzifunsa kuti chifundo chimenechi chayamba liti.

Mmene katemera wa Covid-19 anagawidwira zinathira mafuta pamoto. Ndondomeko ya COVAX, imene inakhazikitsidwa kuti mayiko osauka asatsalire, inafikitsa katundu wake woyamba ku Ghana pa 24 February 2021, koma patangopita milungu yochepa India inaimitsa kutumiza kunja katemera wa ku Serum Institute, kampani imene COVAX inkaidalira kwambiri, chifukwa mliri unali utavuta kwawoko. Anthu amene anabayitsa koyamba anadikira wachiwiri miyezi, ena anapita kuchipatala kawiri katatu n'kubwerako chimanjamanja. Katemera atayamba kubwera wambiri kumapeto kwa chaka, wina anali zotsala za mayiko olemera, atatsala pang'ono kutha mphamvu. Nigeria inawononga oposa miliyoni imodzi mu December 2021 pa chifukwa chimenechi. Munthu amene wamva kuti Azungu akuukayikira mtundu wina wake, kenako waona mtundu womwewo ukutsika m'ndege kwawo, safunika wina womunamiza kuti ayambe kukayika.

Atsogoleri andale nawo amakoka anthu awo. Ku Tanzania John Magufuli anachenjeza anthu za akatemera ochokera kunja, ndipo dzikolo linayamba kubaya mochedwa, Samia Suluhu Hassan atabayitsa pagulu mu July 2021. Ku America katemera anasanduka chizindikiro cha chipani, moti madera okonda chipani cha Republican anatsalira kwambiri. Zikafika pamenepo kubayitsa kumakhala ngati kupereka anzako, ndipo mfundo za sayansi sizilowanso.

Azaumoyo anali ndi cholakwa chawonso, cholonjeza mopitirira. Anthu ambiri anamva ngati wobayitsa sadzadwalanso ndipo sadzapatsira mnzake. Mtundu watsopano wa kachilomboka wotchedwa Omicron utadziwika ku South Africa ndi Botswana mu November 2021, obayitsa ambirimbiri anadwala, ndipo wokayika uja anati: si izi nanga? Chikhalirecho ntchito yaikulu ya katemerayu, yoteteza munthu kuti asadwale mwakayakaya kapena kufa, inali ikugwirikabe. Ofufuza a ku Imperial College London anawerengera kuti m'chaka choyamba chokha akatemerawa anapulumutsa miyoyo pakati pa 14 miliyoni ndi 20 miliyoni. Koma wopulumutsidwa sadziwika nkhope, ndipo iye mwini sadziwa kuti wapulumuka. Uthenga ukanakhala wodzichepetsa kuyambira pachiyambi, wonena zimene zikudziwika ndi zimene zingasinthe, kusintha kwakeko sikukanaoneka ngati kugwidwa bodza.

Nanga mphekesera za pa WhatsApp ndi Facebook? Zimawonongadi. Mu 2020 ofufuza anaonetsa anthu a ku Britain ndi America mauthenga abodza a katemera kwa kanthawi kochepa, ndipo chiwerengero cha onena motsimikiza kuti adzabayitsa chinatsika ndi pafupifupi 6 pa 100 alionse. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo masiku ano kandimverere ali m'thumba la aliyense. Komabe ndikuona kuti timawapatsa mabodzawa ulemu woposa msinkhu wawo. Uthenga womwewo umafika pa mafoni a anthu awiri, wina amauseka, wina amaugwira ndi manja awiri. Kusiyana kwawo kunalipo uthengawo usanafike. Chipembedzonso chimanamiziridwa kawirikawiri. Magulu okana mankhwala alipo, koma zipembedzo zikuluzikulu zinavomereza: Vatican inalengeza mu December 2020 kuti Akatolika akhoza kulandira, bungwe la akuluakulu a Chisilamu ku Indonesia linavomereza katemera wa Sinovac mu January 2021, ndipo Papa Francis anati kubayitsa ndi ntchito ya chikondi. Chimene chimalemera kwambiri ndi mawu a mtsogoleri wapafupi, amene amabwera kunyumba pakagwa zovuta.

Pa kafukufuku wa mayiko 12 uja, anthu atafunsidwa kuti angamvere ndani pa nkhani ya katemera, ambiri anatchula azaumoyo, osati andale kapena anthu otchuka. Namwino amene wamvetsera funso mpaka kumapeto, n'kunena kuti "inenso ndinabayitsa, mkono unalemera masiku awiri, ndipo kwa inu amene muli ndi shuga ndikukulangizani kuti mubayitse lero", amachita zimene zikwangwani chikwi sizingachite. N'chifukwa chake namwino amene iye mwini akukayika ndi vuto lalikulu kuposa mlaliki wabodza wa pa intaneti, ndipo kuyankha mafunso a azaumoyo eniake kuyenera kukhala koyambirira.

Ulendo wokafika pa singano

Tsopano tibwere kwa munthu amene alibe mantha, sakayika, koma sanabayitsebe. Tiyeni timuone wogwira ntchito yolipidwa pa tsiku. Malo obayira amatsegula iye ali kuntchito, amatseka iye asanaweruke. Akapita ataya malipiro a tsikulo, awonjezere ndalama yoyendera. Wamva kuti ena amatentha thupi mawa lake, ndiye mwina ataya masiku awiri. Sakudziwa ngati akapeza katemera alipo, kapena akauzidwa kuti kabotolo sikangatsegulidwe mpaka anthu akwane. Ndipo zonsezi ayenera kudzazibwereza pa jakisoni wachiwiri. Akanena kuti "ndipita sabata yamawa" sakunama, koma sabata yamawa imafika ndi mavuto omwewo.

Umboni womveka kwambiri pa mfundo imeneyi unachokera ku Sierra Leone. Kumidzi ya m'dzikomo, ulendo wokafika pamalo obayira unkatenga pafupifupi maola atatu ndi theka kupita kokha, ndipo ndalama yake inkaposa malipiro a sabata yathunthu. Mu 2022 ofufuza pamodzi ndi unduna wa zaumoyo anayesa njira ina m'midzi 150. M'midzi ina anatumiza magulu a anamwino ndi katemera, amene ankayamba akumana kaye ndi atsogoleri a m'mudzi, kuchititsa msonkhano woyankha mafunso, kenako n'kukhala pomwepo masiku awiri kapena atatu. M'masiku ochepa amenewo chiwerengero cha obayitsa chinakwera ndi pafupifupi 26 pa 100 alionse poyerekeza ndi midzi imene sinayenderedwe. Zotsatirazi zinatuluka mu magazini ya Nature mu 2024. Anthu amenewa dzulo lake akanalembedwa kuti ndi okayika.

Ngakhale m'mayiko olemera tizinthu tating'ono timasuntha anthu. Ku California uthenga wa pafoni wokumbutsa munthu kuti katemera wake wakonzedwa unawonjezera obayitsa kumayambiriro kwa 2021, koma njira yofanana itayesedwa ku Rhode Island miyezi ingapo pambuyo pake, pa anthu amene anali atatsalira, sinasinthe kanthu. Chikumbutso chimathandiza woiwala, wokayika amafuna zina. Ku Sweden ndalama yochepa yopatsidwa kwa obayitsa, makrona 200, inakweza chiwerengero ndi pafupifupi 4 pa 100.

Kukakamiza ndi nkhani yovuta, ndipo amene amaiona mbali imodzi sanaiganizire bwino. Pa 12 July 2021 Emmanuel Macron analengeza kuti ku France munthu adzafunika chiphaso cha zaumoyo kuti alowe m'malo odyera ndi m'sitima za maulendo ataliatali. Pasanathe tsiku limodzi anthu pafupifupi miliyoni imodzi analembetsa kuti akabayitse. Ambiri mwa iwo anali ozengereza chabe amene ankafunika chowadzutsa. Austria inapita patsogolo, inakhazikitsa lamulo mu February 2022 loti munthu wamkulu aliyense abayitse, koma linaimitsidwa mwezi wotsatira n'kuthetsedwa chaka chomwecho lisanagwire ntchito. Zoterezi si zachilendo. England italamula katemera wa nthomba kwa ana mu 1853 n'kuyamba kulipiritsa ndi kumanga makolo okana, anthu zikwizikwi anachita zionetsero ku Leicester mu 1885, ndipo mu 1898 boma linalola kuti wokana chifukwa cha chikumbumtima asalangidwe. Lamulo limakoka a pakati aja mwamsanga, koma wokayika weniweni limamuumitsa mtima, ndipo ngakhale atagonja n'kubayitsa kuti asachotsedwe ntchito, mkwiyo wake amausunga.

Mkwiyo wosungidwawo, pamodzi ndi mafunso amene sanayankhidwe, sizithera pa mliri umodzi. Dziko la Philippines linaona zimenezi mliri wa Covid-19 usanafike. Ana oposa 800,000 atabayidwa katemera wa dengue (matenda ofalitsidwa ndi udzudzu) wotchedwa Dengvaxia, kampani ya Sanofi inalengeza mu November 2017 kuti akhoza kuika pachiopsezo ana amene sanadwalepo matendawo. Nkhaniyo inalowa ndale, ndipo anthu ovomereza mwamphamvu kuti katemera ndi wofunika anatsika kuchoka pa 93 mwa 100 mu 2015 kufika pa 32 mu 2018. Chaka chotsatira chikuku chinapha anthu mazanamazana m'dzikomo, ambiri a iwo ana, chikhalirecho katemera wa chikuku analibe vuto lililonse. Mu 2023 bungwe la UNICEF linanena kuti m'mayiko 52 mwa 55 amene anafufuzidwa, anthu okhulupirira kuti katemera wa ana ndi wofunika anachepa pa nthawi ya Covid-19, ndipo ana 67 miliyoni anaphonya katemera wina kapena yense pakati pa 2019 ndi 2021.